Ulendo wa ku Kepi ndi Tsiku la Makuponi

Mtunthama, Kasungu
Lachisanu, 26 Julayi

Wokondedwa mng'ono wanga Feggie,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Frazer ndi mwana wathu Princess. Chifuwa chake chija chinatha? Kuno tadzuka ndithu. Mayi miyendo ikuwavutabe kukazizira, koma pakamwa ali bwino kwambiri, monga umawadziwira. Fodya tinamaliza kudinda, mabelo otsiriza anapita ku okushoni sabata yatha. Za mitengo yake usandifunse.

Ndakulembera papepala chifukwa pafoni umandidula mawu, kenako umaseka, kenako mayunitsi atha. Kalatayi ndapatsira Maliya, uja amakaoda katundu ku Joni, ndipo iye aipereka kwa dalaivala wa basi ya ku Kepi. Usavutike kumuthokoza ndi kanthu, ndamupatsa kale mtedza.

Ndiyambe ndi kuthokoza, poti tinaleredwa bwino. Mphatso yako ya ukwati ndi yaikulu. Unati nyumba ya alendo imene umagwirako ntchito imakhala pululu nyengo yozizira, azungu sabwera chifukwa cha mvula ndi mphepo, dona wako amapita kwa ana ake kunja n'kukusiyira makiyi, ndipo walola kuti ine ndi a Esau tidzagone m'chipinda choyang'ana kunyanja masabata awiri osalipira. Hanimuni. Mawu amene kuno timangowamvera pa wailesi.

Tsiku limene unandiuza ndinaseka ndekha. Iwe amene mayeso a Fomu 4 anakukana kawiri ndiwe ukugona m'mbali mwa nyanja yamchere, ine amene ndinaphunzira mapu a dziko lonse zaka zitatu ku Zomba ndikusankha fodya mpaka zala kuda bii. Sikuti ndikukuchitira nsanje. Ndikungonena.

Koma ndinagwira ntchito, Feggie. Ndinatulutsa buku langa la mapu lija m'sutikesi, njenjete zitadya theka la Ulaya. Ndinagula kope latsopano. Ndinapita ku boma katatu kukakhala pa kompyuta ya intaneti, mtsikana wa pamenepo akundiyang'ana ngati ndabwera kudzagulitsa nkhuku. Ndinalemba ulendo wonse tsiku ndi tsiku, ola ndi ola. Basi ya ku Joni, kutulukira pa Dedza, kudzera ku Tete, kudula Zimbabwe. Ku Joni kusintha basi, osagona, poti ndamva mokwanira za kumeneko. Kenako ulendo wautali wotsikira kwanuko.

Phiri lanu lathyathyathya pamwamba lija ndinalipatsa masiku atatu osiyana, chifukwa ndinawerenga kuti nyengo ino limafunda mitambo ndipo munthu amalikwera pokhapokha kukacha bwino. Tsiku la mvula ndinaika nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ndinaika tsiku lokaona mbalame zija zoyenda chilili ngati akuluampingo, ndi lina lokadikira anamgumi, amene akuti amayandikira kugombe miyezi yomwe ino alendo kulibe. Ndinaikanso malo amene nyanja ziwiri zimakumana. Osati paja amajambulitsa anthu osadziwa, koma penipeni, kum'mawa kwake. Zimenezi ndinalembapo mayeso, ndipo ndinakhoza.

A Esau ndinkawawerengera zonsezi akudinda mabelo. Ankamvetsera dzanja lili pa jeke yodindira. Tsiku lina anafunsa kuti ngati eni dzikolo akuthawa kuzizirako, ifeyo tikukatani. Ndinawayankha kuti imeneyo ndiyo nyengo yokhayo imene anthu ngati ife amaloledwa kuona nyanja pawindo. Anaseka, ati ndiye kuti tikupita kokunkha, eni munda atakolola kale. Anafunsanso ngati tikadutse pa munda uliwonse, akufuna kuona mmene amalimira mphesa. Ndinawaikira theka la tsiku.

Usawaone kufatsa alamu akowo. Anapita okha ku Lilongwe kukaima pamzere wa pasipoti masiku awiri. Anagula chijasi pa kaunjika chofika m'maondo, chonunkha mankhwala, n'kumachivala masana dzuwa lili pamutu, ati akuzolowera. Munthu wa zaka makumi anayi amene sanawolokepo ngakhale malire a Zambia ali pafupipa.

Tsono imva chimene ndakulemberadi.

Ukwati wathu, monga ukudziwa, uli pa 3 Ogasiti. Ine ndinalemba kuti tidzanyamuke pa 5, Lolemba, tidzafike kwanuko pa 8. A Esau ataona masikuwo anati pa 8 pomwepo ndi tsiku la kalembera wa makuponi a feteleza m'mudzi mwathu.

Iwe unachoka zinthuzi zisanakhwime, ndiye ndikufotokozere mmene zimachitikira kwathu kuno. Anthu amasonkhana pansi pa mkuyu wa pasukulu paja. Amabwera mlangizi wa zaulimi ndi buku lake, pamodzi ndi a komiti. Amaitana dzina mokweza, mwini dzina n'kuimirira. Ndiye amafunsa khamu lonse ngati munthuyo alidi wovutika, woyenera thandizo. Anthu amayankhira pamodzi ngati ana a Sande sukulu: eee, ngovutika. Akatero dzina lalowa m'buku. Amene palibe salembedwa.

Zaka zonsezi ine sindinapondepo pamenepo. Ndinkawerengedwa m'nyumba ya mayi, iwo ndiwo ankapita, ine tsikulo ndinkapeza chochita kudimba. Koma ndikakwatiwa ndiye kuti ndili ndi khomo langalanga. Ndipo poti a Esau akubwera chikamwini, munda ndi wa kwathu, dzina loyamba kuitanidwa ndi langa.

Ukuwakumbuka amayi aja anandiperekeza pa siteji ndikupita ku yunivesite? Nthungululu zija, nyimbo ija yoti ndidzabwera pa galimoto? Alipobe, Feggie. Imfa inatenga bambo fodya ali m'chigafa, amalume n'kunena kuti ndibwere teremu imodzi yokha ndidzathandize, teremu imodziyo yakwana zaka khumi ndi ziwiri, koma amayi aja imfa inawalambalala onse. Akadali ndi mano, akadali ndi mawu. Ndiwo amakhala kutsogolo pansi pa mkuyu.

Ndinadziona nditaimirira, iwo akuyankha kuti eee, ngovutika. Ndinkati ndikaganiza zimenezi mpeni wosendera chinangwa unkandigwa m'manja.

Tsiku la kalembera ndinalidziwa kale ndisanagule n'kope lomwe. Masiku a ulendo ndinawasankha dala. Ulendo wonsewu, phiri, anamgumi, nyanja ziwiri, ndinaumanga mozungulira tsiku limodzi limenelo kuti lindipeze ndili m'basi m'dziko la eni.

Ndipo ndinanamizira iwe. Ndinauza a Esau kuti masikuwo wasankha ndi dona wako, kuti chipinda chilipo kuyambira pa 8 mpaka pa 22 basi, kenako alendo ayamba kubwera. Bodzalo linatuluka losalala ngati ndinachita kuliyeserera.

Iwo sanatsutse. Anati mphatso saibweza chifukwa cha matumba awiri. Patapita masiku ndinamva akukamba ndi mbale wawo zogulitsa ng'ombe imodzi ya pangolo kuti feteleza adzapezeke. Iwe ukudziwa kuti ng'ombe imodzi ikachoka, ngolo yafa. Ndinali pomwepo, ndikupeta mtedza. Ndinamva zonse ndipo ndinapitiriza kupeta.

Kenako, Lachinayi la sabata yatha, anakuimbira. Sanandiuze. Ankangofuna kupempha mwaulemu ngati dona wako angatisunthireko masiku asanu. Ndipo iwe, ndi mtima wako woyera ngati wa nkhosa uja, unawauza kuti abwere tsiku lililonse, nyumba ilibe munthu mpaka Seputembala, masiku anasankha ndi asisi. Sindikukudzudzula. Ndakhala ndikufunafuna njira yokudzudzulira sabata yonse, sindinaipeze.

Ine sindinadziwe kanthu. Lachisanu a Esau anabwera, anapereka moni kwa mayi, anakonza chitseko cha khola, anapita. Loweruka sanaoneke.

Lamulungu ndinavala diresi yanga yobiriwira, poti linali tsiku lolengeza ukwati wathu kachitatu. Mlembi wa mpingo anaimirira ndi pepala lake. Analengeza za maliro, za msonkhano wa amayi a Chigwirizano, za ukwati wa ana ena a ku Chisemphere. Kenako anapinda pepala n'kukhala pansi. Mitu inayamba kutembenuka umodziumodzi, kuyambira mabenchi akutsogolo. Ndinaimba nyimbo yotsekera mokweza kuposa aliyense.

Titatuluka ndinamutsatira mlembiyo kuseri kwa tchalitchi, nditakonza kale mawu omuuza za anthu amene amapatsidwa udindo asakudziwa kuwerenga. Anandilola kuti ndiyambe. Kenako anati mwini ukwati anabwera yekha Loweruka kudzapempha kuti chilengezo chiyambe chaima. Anawonjeza kuti chikapanda kumveka Lamulungu likudzali, pa 28, abusa sadzamanga ukwati pa 3.

Lolemba m'mawa ndinakwera kabaza mpaka kwa Mwase, kwawo kwa a Esau. Ndinawapeza m'munda akuzula ziputu za fodya. Ndinayankhula, Feggie. Ukundidziwa. Ndinanena za manyazi amene andichititsa pamaso pa mpingo, za ankhoswe amene sanauzidwe, za mbuzi zimene zagulidwa kale, za mwamuna amene amathamangira kwa mlembi m'malo mofunsa mkazi wake. Anaima atatsamira khasu mpaka mawu anandithera. Ndiye anandiuza kuti anakuimbira ndipo zonse akuzidziwa, n'kunena kuti:

"Feteleza si nkhani, a Vailet. Ng'ombe ndikanagulitsa. Koma kwanu kuja ine ndikubwera mlendo. Tsiku limene lija ndi limene mudzi ukanamva dzina langa pambali pa lanu, n'kudziwa kuti pakhomopo pali banja. Ngati pansi pa mtengo likukuchititsani manyazi, m'tchalitchi likukomerani bwanji?"

Ndinawauza kuti si dzina lawo limene ndikuthawa, koma mawu aja oti wovutika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga zodzaza fumbi.

"Nanga ifeyo ndife ndani?"

Apa ndi pamene ndinanena chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi kuchilemba. Ndinati munthu amene analekeza Sitandade 6 sangamvetse. Anavomera kuti n'zoona, sangamvetse. Anawerama n'kupitiriza kuzula. Ndinabwerera wapansi, poti wa kabaza anali atapita.

Kuyambira tsiku limenelo sindikutha kukhala pansi. Ndasesa bwalo mpaka lachita maenje. Ndachapa makatani amene anali ochapa kale. Kalata inoyi ndikuilemba chiimirire, pepala lili pawindo.

Lachiwiri ndinaganiza zanzeru, monga mwa masiku onse. Mlangizi wa dera lino ndi Duncan, uja tinali naye kalasi imodzi ku sekondale, amene ankaonera masamu kwa ine zaka zinayi. Ndinapita ku ofesi yake. Ndinamupempha kuti alembe dzina langa ndi la a Esau mwakachetechete, pomwepo, kuti ndikawaonetse kuti nkhani yatha ndipo ulendo ukhale momwemo. Ndinamukumbutsanso za masamu aja.

Anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati bukulo limatsegulidwa pamaso pa anthu basi, chifukwa kale munkalowa maina a anthu akumanda. Anati banja limene silinamangidwe sangalilembe, ndipo likamangidwa lidzaimirire ngati ena onse. Ngakhale mayi ake omubereka amaimirira. Potuluka anandifunsa ngati ndingamubweretsere chipewa kuchokera ku Kepi. Ndikanakhala ndi mwala.

Nditafika kunyumba ndinawauza mayi zonse, poti anali atamva kale theka lake kuchitsime. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Sanakalipe. Anapitiriza kusankha nyemba, n'kunena kuti iwo aimirira pansi pa mkuyu uja zaka zisanu ndi zitatu ndi miyendo yawo yotupayo, ndipo chimanga chonse chimene ndadya m'nyumba muno chinamera pa eee yemweyo. Anafunsa ngati chinkandiwawa pakhosi pomeza.

Ndinangotola tsache n'kutuluka, mawu omaliza n'kukhala awo. Iwe ukudziwa kuti zimenezi sizinachitikepo chibadwire changa.

Lachitatu ndinatenga kope lija n'kung'amba tsamba loyamba. Ndinakhala nalo tsiku lonse. Kusuntha masiku si ntchito, mwana aliyense angathe. Kunyamuka pa 10, kufika pa 13. Chimene chinanditengera tsiku lonse ndi mzere umodzi. Pamwamba penipeni, patsogolo pa basi, patsogolo pa Dedza, ndinalemba kuti tsiku loyamba la ulendo ndi pa 8 Ogasiti, malo ake pansi pa mkuyu wa pasukulu, nthawi naini koloko, opita Vailet ndi Esau. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndisadzanene kuti sindinaone.

Dzulo ndinapita nalo kwa Mwase. Ulendo uno sindinakonze mawu. Ndinawapeza akumwetsa ng'ombe zawo, zonse ziwiri. Ndinagwada, Feggie, ine, pamatope a pachitsime, n'kuwapatsa kopelo ndi manja awiri. Ndinati ndinanama, ndipo za Sitandade 6 zija zinali mawu a munthu wopusa amene anawerenga mabuku ambiri.

Anapukuta manja pa buluku. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, milomo ikugwedera. Anawerenga tsamba lonse, mpaka tsiku la mphesa lomwe, ine ndili chigwadire. Kenako anabwerera pamwamba, anasolola pensulo yawo yolembera mabelo ija kukhutu, n'kukhwatcha penapake.

"Apa mwalemba naini. Anthu amafika sikisi kudzagwira malo a pamthunzi. Mukafika naini mudzaima padzuwa, kutsogolo, aliyense akukuonani."

Analemba sikisi, anapinda kopelo n'kuliika m'thumba la malaya. Anandiuza kuti ndidzuke, ndidetsa chitenje. Anandiperekeza mpaka pamsewu, tikukamba za ng'ombe imene ikutsimphina. Za mlembi wa mpingo sanatchule, ndipo ine sindinafunse. Kaya anapitako madzulo ake, kaya sanapite, sindikudziwa. Kope langa lili kwa iwo. Ndakhala ndikuyang'ana kumsewu kuyambira m'mawa ngati mwana wodikira alendo.

Tsono pempho langa ndi ili. Uwauze dona wako kuti chipindacho tidzachifuna kuyambira pa 13, ngati Mulungu alola. Uwathokoze m'malo mwanga m'Chingerezi chabwino, osati chako chija. A Esau usawaimbire, ngakhale kuwapepesera, ngakhale kundiyamikira kwa iwo. Wachita kale mbali yako. Ndipo usandimvere chisoni, chifukwa ndidzachimva m'mawu ako ndipo tidzayambana.

Kalatayi idzakupeza Lamulungu litadutsa kale. Ngati tsiku limenelo masana foni yako inalira kawiri n'kuduka, n'kumadabwa kuti asisi apenga, tanthauzo lake n'lakuti alengeza. Yala bedi, uike mabulangete onse amene dona wako ali nawo, poti chijasi chija sindichikhulupirira. Ngati sinalire, usandiimbire. Ndidzaimba ndekha ndikadzapeza pakamwa. Zikatero pa 8 ndidzapitabe ku mkuyu, kukawanyamulira mayi mpando.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Frazer, uwauze kuti nsapato anatumiza zija zinawakwana amalume. Princess umupsompsone, ndipo uzimuyankhula Chichewa, asadzabwere kuno ngati mlendo. Mayi akuti uzivala zofunda, ati amva kuti kumeneko mphepo imagwetsa anthu. Akupereka moni a kwa amalume onse, ndi amayi aja a nthungululu, amene akufunsa ngati ukadali wonenepa.

Mulungu akusunge, akudalitse pa ntchito yako, ndipo akupatse nzeru yoyamba wafunsa usanayankhe mafoni a alamu ako.

Ndine mkulu wako,
Vailet